Woyenera kusankha timu ya dziko ya kiriketi ndani, nanga mphamvu zake zilekezere pati?

Kondwani:
Akuluakulu, timu ya dziko ikangogonja, funso limakhala lomwelija: kodi amene akusankha osewerawa anasewerapo ma Test (masewero a masiku asanu a pakati pa mayiko) angati? Ndikufuna tiikambe bwinobwino nkhaniyi. Choyamba, selekita (wosankha osewera) akhale ndi zomuyenereza zotani? Chachiwiri, akakhala pampando, mawu omaliza ndi ake, a kochi, a kaputeni kapena a bodi? Ndiponso osewera akale amene amalowa m'maofesi, amathandiza kapena amangokometsa chithunzi?

A Mbewe:
Tiyambire ku India, chifukwa kumeneko zinalembedwa m'malamulo a BCCI, bungwe loyendetsa kiriketi m'dzikolo. Kuti munthu alowe m'komiti yosankha timu ya amuna ayenera kukhala kuti anasewera ma Test 7, kapena masewero a first-class (a masiku angapo, a pamlingo wapamwamba) 30, kapena ma ODI (masewero a tsiku limodzi a pakati pa mayiko) 10 pamodzi ndi masewero a first-class 20. Akhalenso kuti papita zaka 5 chisiyireni kusewera, ndipo sangapitirire zaka 5 ali m'makomiti a kiriketi, zonse pamodzi. Komitiyo imakhala ya anthu asanu, ndipo mwamwambo amachokera m'zigawo zisanu za dzikolo: kumpoto, kummwera, kummawa, kumadzulo ndi pakati.

Manambalawa ali ndi mbiri yake. Komiti ya Lodha, yomwe Khoti Lalikulu la India linakhazikitsa mu 2015, inafuna maselekita atatu okha, onse oti anasewerapo Test. Mu 2017 awiri, Gagan Khoda ndi Jatin Paranjpe, anachotsedwa chifukwa cha mfundo imeneyi. Mu Ogasiti 2018 khoti lomwelo linabwezeretsa asanu n'kufewetsa zoyenerezazo. Chifukwa chake n'chosavuta: mu Ranji Trophy, mpikisano wa first-class wa m'dzikolo, muli matimu 38. Anthu atatu sangakwanitse kuonera masewero onsewo.

Tadala:
A Mbewe, ndiye kuti ngakhale amene analemba lamulo lokhwima anabwerera m'mbuyo. Ine ndimaona kuti chiwerengero cha ma Test chimangotseka pakamwa anthu odandaula, osati kuti chimasonyeza luso losankha. MSK Prasad anasewera ma Test 6 okha, anthu ankamuseka tsiku ndi tsiku. Koma komiti yake ndi imene inatenga Jasprit Bumrah, yemwe ambiri ankamuona ngati wa masewero afupiafupi basi, n'kumulowetsa mu Test ku Cape Town mu Januwale 2018. Chaka chisanathe India inali ku Australia, komwe inapambana mndandanda wa ma Test m'dzikolo koyamba m'mbiri yake, 2–1.

Che Jafali:
Musaiwalenso kuti komiti yomweyo ndi imene inasokoneza malo a womenya wa nambala 4 pa World Cup ya 2019. Ambati Rayudu anamukonzekeretsa miyezi yambiri pamalo amenewo, kenako pomaliza n'kutenga Vijay Shankar. Mbali zonse ziwiri tizizitchula, achemwali.

Tadala:
Zoona, Che Jafali, koma cholakwika chimenecho chinabwera chifukwa chosewera ma Test ochepa? Chinali chosakhazikika pa pulani. Munthu wa ma Test 100 akanatha kuchita zomwezo.

NaPhiri:
Onjezeraniko Australia. Trevor Hohns anasewera ma Test 7, koma ndi amene anali wapampando wa maselekita pa nthawi imene dzikolo linkagonjetsa aliyense. Iyeyo ndi amene anauza Ian Healy mu 1999 kuti nthawi yakwana, malo ndi a Adam Gilchrist. Mu 2002 anachotsa Steve Waugh mu timu ya ODI, ndi Mark Waugh mu timu ya Test. Chomwe chinamulimbitsa si mbiri yake yosewera, koma kuti bodi inkamusiya agwire ntchito ndipo osewera ankadziwa kuti kudandaula kwa akuluakulu sikusintha kanthu. George Bailey amene anakhala wapampando mu 2021 ali ndi ma Test 5. Ku England Ed Smith anali ndi 3, ndipo Luke Wright amene analowa mu 2022 sanasewerepo Test ngakhale imodzi.

Kondwani:
Ndiye mukutanthauza kuti munthu wina aliyense akhoza kusankha timu? Pamenepo sindikuvomereza.

A Mbewe:
Ayi achimwene, palibe wanena zimenezo. Pali zinthu zimene woti anakhalapo pakati pa bwalo amaziona msanga. Womenya mpira akhoza kukhala ndi avereji ya 45 m'masewero a m'dziko, koma ma run ake ambiri anawapeza pa pitch yofewa, kwa oponya osafika 130 km pa ola. Diso lozolowera limayang'ana zina: phazi lakumbuyo likupita kuti mpira ukabwera waufupi wolunjika pachifuwa, mutu ukugwera mbali ya off kapena uli chilili, bat ikutsika mowongoka kapena ikuchokera ku gully. Kwa woponya, limaona ngati liwiro la ulendo wachitatu woponya, madzulo, likufanana ndi la m'mawa. Zimenezi pa pepala la zotsatira sizioneka.

Chitsanzo chodziwika ndi Graeme Hick ndi Mark Ramprakash a ku England. Aliyense ali ndi ma century (kumenya ma run 100 ulendo umodzi) oposa 100 mu first-class, koma mu Test avereji ya Hick inali 31, ya Ramprakash 27. Pomwe Michael Vaughan ndi Marcus Trescothick, omwe manambala awo a ku county (matimu a zigawo za England) sanali odabwitsa, anatengedwa nthawi ya kochi Duncan Fletcher n'kuchita bwino kwambiri. Koma taonani, Fletcher mwiniwakeyo sanasewerepo Test. Anali kaputeni wa Zimbabwe pomwe inagonjetsa Australia pa World Cup ya 1983, dzikolo lisanapatsidwe mwayi wa ma Test mu 1992. Lamulo loti selekita akhale woti anasewera Test likanamutsekera kunja munthu wa diso lotere.

Yamikani:
Poti mwatchula Zimbabwe, nkhaniyi kumeneko inafika povuta kawiri. Mu 2004 Heath Streak, ali kaputeni, anauza bodi kuti maselekita akhale anthu oti anasewerapo pamlingo wapamwamba. Bodi inamuchotsa, osewera achizungu ena oposa khumi anamutsatira, Tatenda Taibu anapatsidwa ukaputeni ali ndi zaka 20, ndipo mu Epulo chaka chomwecho timu inatulutsidwa yonse ndi ma run 35 okha ndi Sri Lanka ku Harare.

Kachiwiri munali mu Januwale 2013, pamene nduna ya zamasewero David Coltart, kudzera ku Sports and Recreation Commission, inalamula kuti maselekita a matimu a dziko akhale oti anaimirapo Zimbabwe pa masewerowo. Givemore Makoni, yemwe ankatsogolera maselekita a kiriketi ndipo sanasewerepo timu ya dziko, anati lamulolo ndi la tsankho. Mfundo yake inali yoti anthu akuda a msinkhu wake sanapatsidwe mpata wosewera, ndiye ukanena kuti osewera akale okha, wasankhiratu khungu la anthu amene adzakhale pampando. Pambuyo pake lamulolo linafewetsedwa.

Apa pali phunziro la kalembedwe ka malamulo. Usanalembe chomuyenereza munthu, werenga kaye kuti ndi anthu angati m'dzikomo amene angakwanire. India ili ndi osewera akale mazanamazana. Dziko loti layamba ma Test posachedwa likhoza kupeza anthu khumi, theka ali kunja, ena ndi makochi, ena akugwira ntchito pa TV.

Che Jafali:
Komabe Streak ndi Coltart sanali kulota. Selekita woti sanasewerepo, ndiponso woti ali ndi kalabu yake, amakokera osewera a kalabu yakeyo. Ndani angamutsutse pa luso ngati komiti yonse ili choncho?

Yamikani:
Matenda amenewo ndi okondera, ndipo sasankha. Wosewera wakale nayenso ali ndi chigawo chake, kalabu yake ndi anzake. Mankhwala ake ndi ena: kulembetsa poyera ubale uliwonse umene uli nawo, ndi kutuluka m'chipinda dzina la munthu wako likamakambidwa. Roger Binny wa ku India anachoka pa uselekita mu 2015 chifukwa mwana wake Stuart anali m'gulu la oganiziridwa. Inzamam-ul-Haq wa ku Pakistan, wa ma Test oposa 100, anatula pansi udindo wa selekita wamkulu mu Okutobala 2023, World Cup ili mkati, atatchulidwa pa nkhani ya kampani yokhudzana ndi ma agent a osewera. Kusewera kwambiri sikunamuteteze ku funso limenelo.

NaPhiri:
Tibwere ku funso lachiwiri la a Kondwani, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ntchito yosankha ili ndi magawo, ndipo mikangano yambiri imabuka chifukwa sanalembe kuti gawo lililonse ndi la yani.

Kumayambiriro a nyengo komiti imakhala ndi mndandanda wautali, mwina anthu 25 mpaka 30 pa mtundu uliwonse wa masewero, malo aliwonse ali ndi woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Maselekita amagawana masewero a m'dziko oti akaonere, n'kumalemba malipoti pa fomu yofanana kuti azitha kuyerekeza. Msonkhano usanachitike pamafunika zinthu zitatu m'manja: lipoti la adokotala ndi physio, chiwerengero cha ma over (over imodzi ndi mipira 6) amene woponya wothamanga aliyense waponya m'masabata apitawa, ndi mbiri ya mabwalo amene akupitako. Kenako amapanga gulu loyenda. La World Cup ndi anthu 15 basi, malinga ndi ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse. La ulendo wa ma Test limakhala la 15 mpaka 17: omenya 6 kapena 7, ma wicketkeeper awiri, all-rounder mmodzi kapena awiri, othamanga 4 kapena 5, ma spinner (oponya mpira wozungulira) awiri, kapena atatu ngati ndi ku Asia. Cholakwika chofala ndi kutenga osewera 15 abwino koposa m'malo motenga anthu odzaza malo. Umapezeka uli ndi ma opener anayi koma wopanda womenya pa nambala 6, kapena wicketkeeper mmodzi yekha amene chala chikathyoka m'mawa wa tsiku la masewero, wina amachita kuitanidwa pa ndege.

Gawo lomaliza ndi osewera 11 a tsikulo. Ku India komiti imasankha gulu, koma 11 amasankha ndi kaputeni ndi kochi ataona pitch. Ku Australia maselekita ali ndi mawu mpaka pa 11, ndipo mmodzi amayenda ndi timu. Njira zonse ziwiri zimagwira. Imene sigwira ndi yoti selekita watumiza spinner wachiwiri, kochi samukhulupirira, mnyamatayo n'kumangonyamula madzi ulendo wonse, kenako n'kuchotsedwa osasewera.

Tadala:
Palinso kantchito kena komwe anthu amakapeputsa: foni yopita kwa amene wasiyidwa. Ayenera kumva kuchokera kwa wapampando, mndandanda usanatuluke kwa atolankhani, ndipo auzidwe chifukwa chenicheni ndi chimene achite kuti abwerere. Nkhani ya Virat Kohli wa ku India mu Disembala 2021 inakula chifukwa cha zimenezi. Iye anati anauzidwa za kuchotsedwa ukaputeni wa ODI pa foni, patatsala ola ndi theka kuti msonkhano wosankha timu ya Test uyambe. Sourav Ganguly, monga pulezidenti wa BCCI, anali atanena poyera kuti anamupempha asasiye ukaputeni wa masewero afupiafupi a T20, Kohli n'kukana kuti sanapemphedwe. Pulezidenti ankayankhula za nkhani imene pamalamulo inali ya maselekita.

Kondwani:
Nanga kochi ndi kaputeni, avote kapena ayi?

A Mbewe:
Mayiko ayesa zonse. Australia itagonja Ashes (mpikisano wake wa ma Test ndi England) ya 2010–11, lipoti la Don Argus linati pakhale selekita wamkulu wolembedwa ntchito mokhazikika, ndipo kochi ndi kaputeni akhale ndi voti. Kaputeni Michael Clarke anakhala selekita, koma mu 2013 anausiya. Vuto lake n'loonekeratu: wosewera amene akuvutika, kapena ali ndi kabala kobisika, sangakauze kaputeni ngati kaputeniyo ali ndi voti yomuchotsa. Kaputeni afunsidwe, mawu ake alemere, koma dzanja asakweze. Kochi wa Australia yekha ndiye anatsala m'komiti.

England inapita mbali ina mu Epulo 2021. Ashley Giles, mkulu woyang'anira matimu a amuna, anathetsa udindo wa selekita Ed Smith n'kupereka zonse kwa kochi Chris Silverwood. Mutu umodzi susenza denga: kochi amakhala paulendo ndi timu pafupifupi chaka chonse, ndiye masewero a ma county 18 angawaonere liti? Atagonja 4–0 ku Australia, Giles ndi Silverwood onse anachoka mu Febuluwale 2022, ndipo Rob Key atalowa pa mpando wa Giles anabwezeretsa udindo wa selekita.

Che Jafali:
Koma South Africa inapereka mphamvu zonse kwa makochi mu 2023, ndipo kochi Shukri Conrad anapambana World Test Championship ku Lord's mu Juni 2025. Ndiye musanene kuti njirayo ndi yolephera.

A Mbewe:
Kusiyana kwake n'kwakuti Conrad anali atakhala zaka zambiri akuphunzitsa m'zigawo ndi ku akademi ya dzikolo, osewera ambiri anawadziwa ali anyamata. Komanso poyamba anali ndi timu ya Test yokha, ya ODI ndi T20 ili ndi Rob Walter. Silverwood anasenzetsedwa mitundu yonse itatu, nthawi ya Covid. Njira ndi imodzi, katundu ndi wosiyana.

NaPhiri:
Ndipo pamwamba pa onsewa pali amene savota koma ali ndi mphamvu yokana. Ku Sri Lanka lamulo la zamasewero la 1973 limapatsa nduna mphamvu pa kusankhidwa kwa maselekita ndi kuvomereza timu isananyamuke. Ku Pakistan nduna yaikulu ndi patron wa PCB, bodi ya kiriketi ya dzikolo, ndiye boma likasintha, wapampando wa bodi amasintha, maselekita n'kutsatira. Ku South Africa, mu Januwale 2002 ku Sydney, pulezidenti wa bodi Percy Sonn anasintha timu imene maselekita anasankha, Justin Ontong n'kulowa m'malo mwa Jacques Rudolph. Nkhani ya Vernon Philander kulowa m'malo mwa Kyle Abbott pa semi-final ya World Cup ya 2015 anthu akuikambabe.

Sindikutsutsa kuti bodi ikhale ndi mfundo. Mu 2016 South Africa inalemba poyera kuti pa nyengo yonse timu izikhala ndi osewera 6 omwe si azungu, awiri mwa iwo akuda, powerengera avereji ya masewero onse. Mfundo yolembedwa chotere selekita amatha kuikonzekera kuyambira pa mndandanda wautali uja. Chowononga ndi foni ya usiku woti mawa kuli masewero. Bodi ipereke mfundo chaka chisanayambe, iyang'ane ngati ndondomeko yatsatidwa ndi ngati wosewera alibe mlandu, koma isalembe mayina. Boma likalowerera kwambiri ICC imaimitsa dziko: Zimbabwe mu Julayi 2019, Sri Lanka mu Novembala 2023, mpaka World Cup ya osapitirira zaka 19 inasamutsidwira ku South Africa.

Yamikani:
Za osewera akale m'maofesi, tisiyanitse mipando. Uselekita ndi wina, director of cricket ndi wina, pulezidenti kapena mkulu woyendetsa bungwe ndi winanso. Director of cricket amalemba ndi kuchotsa makochi, amakonza makontrakiti a osewera, ndondomeko ya timu ya A ndi akademi. Pamenepa wosewera wakale wamutu amathandiza kwambiri. Ku England Andrew Strauss atalowa mu Meyi 2015 anachotsa kochi Peter Moores, analemba Trevor Bayliss, anasunga Eoin Morgan pa ukaputeni wa ODI, anatsekera Kevin Pietersen khomo, n'kuika mphamvu pa masewero a ma over 50. Mu 2019 chikho cha World Cup chinabwera. Zonsezo zinali zigamulo za kiriketi.

Mpando wa pamwamba ndi wa ndalama za TV, misonkho, malamulo a ntchito ndi mavoti a zigawo. Osewera akale amene anaukwanitsa anali ndi sukulu ina pambali. David Richardson, wicketkeeper wa South Africa amene anayendetsa ICC kuyambira 2012 mpaka 2019, ndi loya. James Sutherland, amene anayendetsa Cricket Australia kuyambira 2001 mpaka 2018, ndi akauntanti yemwe anasewera first-class pang'ono chabe. Woti wangobwera ndi dzina lokha amakopeka ndi chinthu chimodzi chimene amachidziwa, chomwe ndi kusankha timu, ndipo imeneyo si ntchito yake.

Tadala:
Zaka 5 zodikira za ku India zija ndimazikonda pa chifukwa chimenechi. Hamilton Masakadza wa ku Zimbabwe anasiya kusewera mu Seputembala 2019, mwezi wotsatira n'kukhala director of cricket, kuyang'anira anthu amene dzulo lake ankavala nawo m'chipinda chimodzi. Bailey nayenso anatchulidwa uselekita akusewerabe mu timu ya Tasmania, ndipo Mitchell Johnson anamudzudzula mu 2023 kuti ali pafupi kwambiri ndi osewera pa nkhani ya David Warner.

Che Jafali:
Zisanu zachuluka, achemwali. T20 imasintha msanga. Woti anasiya zaka 5 zapitazo sanaponyerepo omenya a masiku ano. Ziwiri kapena zitatu zikwanira, ndipo m'komiti mukhale mmodzi wa posachedwa, mmodzi woti wakhala nthawi yaitali m'masewero a m'dziko ngati kochi kapena sikauti, ndi katswiri wa manambala. Shoaib Bashir, spinner wa England, anatengedwa kupita ku India mu 2024 ali ndi masewero a first-class 6 ndi mawiketi 10 okha, chifukwa anayang'ana kutalika kwake ndi pamene mpira umachokera m'dzanja. Komiti ya akuluakulu okhaokha owerenga avereji sikanamuona.

Kondwani:
Nanga ya Pakistan ya Okutobala 2024 muiika pati? Atagonja kwa England ku Multan anapanga komiti yatsopano, muli Aaqib Javed, Azhar Ali, ngakhale umpire Aleem Dar. Analanda kochi voti, anapumitsa Babar Azam, Shaheen Afridi ndi Naseem Shah, anaitana ma spinner Noman Ali ndi Sajid Khan, n'kugonjetsa England 2–1.

A Mbewe:
Pa kiriketi anaganiza bwino: anaona kuti England imavutika ndi spin, anakonza pitch yogwirizana ndi zimenezo, n'kusankha anthu oyenera pitch imeneyo. Pa kayendetsedwe anaphwanya mgwirizano. Makochi Gary Kirsten ndi Jason Gillespie analembedwa ntchito ali ndi mawu pa kusankha, mawuwo n'kulandidwa pakati pa kontrakiti. Kirsten anachoka mwezi womwewo, Gillespie mu Disembala, ndipo Aaqib anakhala selekita ndi kochi nthawi imodzi. Zikalakwika pamenepo, amene angamufunse kochi ndi selekita, yemwe ndi iye mwini.

NaPhiri:
N'chifukwa chake nthawi ya paudindo iyenera kulembedwa, zaka zitatu kapena zinayi, kuchokera World Cup ina kufika ina, ndi zinthu zomuyezera zodziwika: mwa amene anawalowetsa koyamba ndi angati afika masewero 20, malo aliwonse ali ndi wolowa m'malo wokonzeka kapena ayi, wosewera watsopano amapatsidwa masewero angati asanachotsedwe. England inagwiritsa ntchito osewera 29 mu Ashes ya 1989 ya ma Test 6, n'kugonja 4–0. Komiti yoopa kuchotsedwa mawa imasankha chonchi.

Yamikani:
Onani za Marichi 2018 ku Harare. Zimbabwe inkafunika kugonjetsa UAE kuti ipite ku World Cup ya 2019. Mvula inadula masewero, chandamale chinasinthidwa kukhala 230 m'ma over 40, ndipo inaperewera ndi ma run atatu. Patangopita masiku ochepa bodi inachotsa Streak pa ukochi, Graeme Cremer pa ukaputeni, makochi ena onse, ndi Taibu yemwe ankatsogolera maselekita. Taibu anali ndi ma Test 28 ndiponso anakhalapo kaputeni wa dziko, ndiye pa zomuyenereza panalibe chomunenera. A bodi amene anamulemba ntchitowo anatsala m'mipando yawo.